Mtengo wa Usiku Umodzi ku Kaning'ina

Stanford Kayira anagwira ntchito ya udalaivala kwa zaka zoposa khumi m'bungwe lina lomwe linkaona za madzi ndi ukhondo m'midzi ya kumpoto. Ntchito yake inali kunyamula mabwana n'kukawatula pamalo ogona alendo ku Karonga, ku Chitipa kapena ku Rumphi, kenako iye n'kukadzifunira kachipinda kotchipa kuseri kwa msika. M'mawa akabwera kudzawatenga, ankamva madandaulo awo onse ali chete pachiwongolero. Wina madzi osamba anali ozizira, wina matiresi anali ndi dzenje pakati, wina tawulo linkanunkha chinyezi. Choncho ankadziwa zomwe anthu otere amafuna, ankadziwanso kuti akapeza malo abwino amalipira osanenerera.

Thandizo lochokera kunja litaima, bungwelo linatseka ofesi yake ya mu Mzuzu. Stanford analandira ndalama zake zomutsanzika nazo n'kubwerera kunyumba ndi maganizo omwe anali atawasunga kalekale. Nyumba yake inali ku Kaning'ina mu Mzuzu momwemo, chakumapeto komwe msewu umayamba kulowa m'mitengo. Inali ya zipinda zitatu, yomangidwa pang'onopang'ono ndi ndalama za m'maulendo. Kuseri kwake kunali kanyumba kakang'ono komwe ankasungiramo makasu, matumba a chimanga ndi matayala akutha. Anauza mkazi wake Lusungu kuti banja lisamukire m'kanyumbako, pamodzi ndi mwana wawo Sharon wa sitandade 3, kuti nyumba yaikuluyo izilandira alendo olipira pa usiku.

Lusungu ankasoka mayunifomu a sukulu pakhonde la nyumba yomweyo. Sanakane zosamukazo, koma anafunsa kuti bwanji osangoikamo banja limodzi lolipira lendi pamwezi, ndalama yodziwika, yosadikira foni. Stanford anayankha kuti lendi ya mwezi wonse mlendo wabwino amailipira m'masiku atatu okha. Anatchula mayina a malo omwe ankatulako mabwana, malo oti nyumba yawoyi inkawaposa kutali. Lusungu anamvetsera, kenako anayamba kulongedza mbale.

Anapenta makoma, anagula mabedi atsopano, nsalu zoyera zoyala, makatani okhuthala ndi maneti. Filiji yabanja inatsala m'nyumba yaikulu chifukwa mlendo sangakhale popanda filiji. Mipando yapabalaza inatsalanso, ndi kanema yemwe. M'kanyumba ka kuseri munalowa matiresi awiri, mbaula, makina osokera ndi masutikesi osanjikizana mpaka kudenga.

Za kuika nyumbayo pa intaneti anazisiya m'manja mwa Pilirani, mayi wina wochokera ku Lilongwe yemwe ankatsatsa nyumba za anthu angapo mu Mzuzu n'kumadulapo yake pa mlendo aliyense. Pilirani anabwera, anajambula zipinda zonse, anayamikira kapinga, kenako anafunsa za mtengo. Stanford anati K120,000 pa usiku. Pilirani anauona kuti wakwera. Anati nyumba zina za pafupi ndi tawuni, za m'mbali mwa msewu wa tala, zikupita pa mtengo wotsikirapo, ndipo nyumba yatsopano yoti palibe wagonamo imayamba motsika kuti anthu aidziwe kaye. Lusungu, yemwe anali ataima pakhomo la khitchini, anawonjezera kuti makolo obwera kudzaona ana awo ku makoleji ndi anthu odzadikirira odwala alipo ambiri, ndipo amenewo angabwere mtengo utakhala wa anthu wamba.

"Mtengo ndiwo umasankha munthu wolowa pageti," anatero Stanford. "Mukautsitsa, mubwera aliyense. Ine ndikufuna anthu omwe ndikuwadziwa."

Pilirani analemba mtengo womwe mwini nyumba anafuna.

Mwezi woyamba unatha geti lisanatsekulidwire mlendo aliyense. Stanford ankadzuka m'mamawa, kusesa pabwalo, kutsekula mawindo, kupukuta fumbi lomwe panalibe, kenako kukhala pakhonde foni ili pabondo. Mvula ya ku Mzuzu inali isanathe, ndipo msewu wa kumtunda kwawoko unali utasanduka phala lofiira. Ataimbira Pilirani, anauzidwa kuti anthu akuiona nyumbayo ndithu koma akafika pa mawu oti madzi otentha ndi a mundowa, amapita pena. Stanford anagula giza yotenthetsera madzi n'kuitana pulambala.

Alendo oyamba anali bambo ndi mayi ochokera ku Blantyre omwe anabwerera ukwati wa m'bale wawo. Stanford anawachingamira atavala malaya oyera, anawanyamulira zikwama, anawaonetsa mpope wa madzi otentha kawiri konse. Tsiku lachiwiri magetsi anazima kuyambira masana mpaka mawa lake. Alendowo anachoka mwaulemu, koma pa intaneti analemba kuti nyumbayo ndi yaukhondo, mwiniwake ndi munthu wabwino, kungoti anavalira zaukwati mumdima ndipo pa mtengo umenewo ankayembekezera zoposa apo. Pilirani anamuwerengera mawuwo pafoni n'kunena kuti popanda sola zikhala zovuta.

Ndalama zomutsanzika nazo zija zinali zitatsala pang'ono. Chomwe chinalipo chinali galimoto yake, kasiyenta komwe anagula kwa mnzake wa kuntchito. Lusungu anamuchonderera kuti asaigulitse. Anati ndi galimotoyo atha kumanyamula anthu pakati pa Mzuzu ndi Ekwendeni, ntchito yomwe manja ake akuidziwa, mpaka zinthu zitasintha. Stanford anati mafuta akusowa, sangakathere masiku pamzere wa pa filing'i sitesheni kulimbirana anthu ndi anyamata oti angakhale ana ake. Mumtima mwake munalinso china chomwe sanachitchule: ankaopa tsiku lomwe mmodzi wa mabwana aja adzamuone akuitanira anthu pa depoti. Galimotoyo inapita. Padenga panakwera mapanelo a sola, m'kakhonde ka mkati munaikidwa mabatire, ndipo ndi zotsalazo analumikiza waifai n'kugula hita ziwiri za m'zipinda.

Pilirani anajambulanso zithunzi. Alendo anabwera apa ndi apo, wina usiku umodzi, wina uwiri, kenako masabata n'kumangodutsa. Aliyense ankasiya kamawu. Wina anati msewu ndi woipa. Wina anati madzi anasiya ali pakati posamba, ndiye Stanford anagulitsa matumba a chimanga aja n'kuyamba kumanga nsanja ya thanki. Wina anati kukadakhala chakudya cham'mawa, ndiye Lusungu anayamba kusiya makina ake n'kumakazinga mazira a anthu ena. Oda ya mayunifomu ya sukulu ina inachedwa, eni ake n'kuipereka kwa telala wina.

Kenako June anafika ndi chisanu chake. Chifunga chinkatsika kuchokera m'nkhalango n'kukhala pabwalo mpaka dzuwa litakwera, ndipo masiku ena kunkangowaza osaleka. Kanyumba ka kuseri kanalibe siling'i, pansi pake pankatuluka thukuta, ndipo pakona pomwe panali masutikesi panamera nkhungu yakuda. Sharon anali ndi mphumu kuyambira ali wakhanda, koma m'nyumba yaikulu inkangomugwira mwa apo ndi apo. Tsopano ankatsokomola tsiku ndi tsiku, chifuwa chikulira ngati kamwana ka mphaka. Kawiri anapita naye kuchipatala pa njinga yamoto ya kabaza, atamukulunga m'bulangete pakati pa woyendetsa ndi mayi ake.

Lusungu anapempha kuti masiku omwe kulibe alendo, mwanayo azigona m'nyumba yaikulu. Stanford anati mlendo atha kuimba nthawi iliyonse, ndipo nyumba ikagonedwa imadziwika, fungo la anthu silibisika. Analonjeza kuti alendo awiri atatu akangobwera motsatizana, aika siling'i m'kanyumbako. Anagula pepala lapulasitiki n'kuliyala pansi pa matiresi a mwanayo.

Tsiku lina masana, akuchokera m'tawuni komwe anakafunsa mtengo wa mapaipi a thanki, anapeza chitseko cha nyumba yaikulu chili chosakhoma. Analowa mwakachetechete. M'chipinda chachikulu, chomwe kale chinali chawo, hita inali ikuyaka. Sharon anali m'tulo pakati pa bedi, atafunda zoyera za alendo mpaka m'khosi, akupuma bwinobwino kwa nthawi yoyamba m'masabata ambiri. Lusungu anali atakhala pansi, msana atatsamira bedi, akusokerera mabatani pa kamalaya.

Stanford anaona zonsezi. Anaonanso mafuta opaka pachifuwa ali pa katebulo ka pambali, ndi banga lomwe anasiya pa pilo. Chomwe chinatuluka m'kamwa mwake chinali cha piloyo. Ananena motsitsa mawu kuti asadzutse mwana, koma ananena ndithu: kuti nsaluzi n'zodula, kuti fungo la mankhwalawa silichoka msanga, kuti mabatire akatha masana ano mlendo wa madzulo adzaunikira chiyani.

Lusungu anabaya singano pa kolala ya kamalayako n'kumuyang'ana.

"Mlendo wake uti, awiske Sharon?"

Stanford anayang'ananso pilo ija.

"Ndikufunsa. Mlendo wake uti? Nyumba ino yakhala yokhayokha chiyambire mwezi uno. Imatenthedwa, imapukutidwa, ili ndi magetsi usana ndi usiku. Mwana wanu ndiye akugona pa pulasitiki."

Anamudzutsa Sharon pang'onopang'ono, anamubereka ngakhale anali wamkulu kale, n'kutuluka naye. Anabwerera yekha, anavula pilo ija nsalu yake, anayalula bedi lonse, n'kukazinyika m'bafa la kuseri. Anazichapa, anaziyanika, anazisita. Mawa lake anatenga sutikesi imodzi ndi mutu wa makina osokera n'kupita ndi mwanayo kwa mkulu wake ku Mzilawaingwe, mbali ina ya tawuniyo. Ananena kuti ndi mpaka chisanu chithe. Stanford anawaperekeza mpaka pamsewu, iye ndiye atanyamula makinawo.

Atatsala yekha, anavomera zotsitsa mtengo. Pilirani anauika pa K80,000, kenako pa K60,000. Anamuuza mosabisa kuti si nyumba yake yokha. Misonkhano ya mabungwe inali itatha, ndipo eni nyumba onse omwe ankadalira anthu amenewo anali akulimbirana alendo ochepa omwewo. Mlungu wina kunabwera mnyamata yemwe anati ali ndi anzake atatu odzaonerera mwambo wa omaliza maphunziro. Anabwera anthu odzaza minibasi. Anaphikira pa hita, anathyola chogwirira cha shawa, ndipo wina anasanzira pa kapeti ya pabalaza. Stanford anakhala m'kanyumba kake akumva nyimbo zawo, osatuluka, poopa zomwe angakalembe pa intaneti. Atapita, anatha masiku awiri akukolopa. Ndalama yomwe anasiya inathera pokonza zomwe anawononga.

Chakumapeto kwa July, Pilirani anaimba kuti kuli mlendo wa masiku awiri, bambo mmodzi yekha, wofika Lachitatu masana. Stanford anatchetcha kapinga, anathyola maluwa n'kuwaika m'botolo patebulo. Itakwana nthawi, pageti panaima njinga yamoto. Munthu yemwe anatsika kumbuyo kwake, atakumbatira chikwama, anali a Frackson Chavula, omwe kwa zaka zisanu anali mkulu wa ntchito za bungwe lija m'chigawo chonse, munthu yemwe Stanford ankamutsekulira chitseko cha galimoto.

"Monire, bwana," anatero Stanford, manja ake atafika kale pa chikwamacho.

A Chavula anadabwa, kenako anaseka, n'kumugwira paphewa. Anati sanadziwe kuti nyumbayo ndi yake, anangosankha yotchipa pa zonse zomwe zinali ndi madzi otentha. Anali ataonda, ndipo jekete yawo inali yomwe ija ankavala pa misonkhano, tsopano itayera m'zigongono. Stanford anawazungulitsa nyumba yonse. Anawaonetsa mabatire, anawauza nambala yachinsinsi ya waifai, anawatsekulira mpope mpaka nthunzi itatuluka. A Chavula ankangogwedeza mutu n'kumati zili bwino chomene.

Madzulo dzuwa lisanalowe anakhala onse pakhonde akumwa tiyi. Aka kanali koyamba kuti akhale pa mipando yofanana. A Chavula anafotokoza kuti banja lawo linabwerera kumudzi ku Mzimba, ndipo iwo akuyesa geni yogula nyemba n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Abwera ku Mzuzu kudzaonana ndi munthu wa lole. Stanford anadikira mpata, kenako anafunsa chomwe chinali pamtima pake: ngati amva zoti mabungwe ayambiranso, mwina chaka chamawa, poti iwo amadziwana ndi akuluakulu.

A Chavula anaika kapu yawo pansi.

"A Kayira, ndikanakunamizani, koma mwandiyendetsa zaka zambiri osandigwetsa m'dzenje. Anthu aja sakubweranso. Amene munkawanyamula aja, wina ali ku Joni, wina akuweta nkhuku, wina ndi ine ndakhala panoyu. Ngati nyumbayi munakonzera ife, ife kulibe."

Stanford anati yewo, kuthokoza ngati kuti wapatsidwa kanthu. Anatolera makapu.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, a Chavula anamuitanira pambali ngakhale panalibe wina womva. Anati za lole zija sizinayende, ndipo anapempha ngati angalipire usiku umodzi wokha m'malo mwa uwiri. Polankhula ankayang'ana nsanja ya thanki yomwe inali itaima theka, yopanda thanki pamwamba. Stanford anavomera msanga kuti awapulumutse ku manyaziwo. Anawanyamulira chikwama mpaka pamsewu, n'kuima nawo mpaka kabaza atapezeka.

Sanabwerere m'nyumba nthawi yomweyo. Anaima pageti akuiyang'ana: mapanelo akunyezimira padenga, makatani ali chitsekere, maluwa a m'mbali mwa khonde atadulidwa molingana. Kenako anakhoma geti n'kuyamba ulendo wa ku Mzilawaingwe wapansi.

Anamupeza Lusungu pakhonde la mkulu wake, makina ali patebulo lobwereka, akusoka diresi la chitenje. Sharon anali kusukulu. Mayi ake anali atamupezera malo pa sukulu ya pafupi, zomwe Stanford anazimva tsiku lomwelo. Lusungu anamupatsa mpando, anamufunsa ngati wadya, n'kumubweretsera mbatata yophika ndi tiyi wopanda mkaka. Anati chifuwa cha mwana chakhala bata, nyumba ya kuno ndi youma ngakhale amagona anayi m'chipinda chimodzi.

Stanford ananena zomwe anabwerera. Anati abwerere kunyumba, osati m'kanyumba kaja, koma m'nyumba yaikulu. Sharon atenge chipinda cha hita. Za alendo zithe. Iye afunafuna ntchito ya udalaivala kulikonse, ngakhale ya minibasi ya munthu.

Lusungu anaimitsa makina. Anafunsa kuti adzadya chiyani pomwe ntchitoyo ikufunidwa, poti galimoto kulibe, chimanga kulibe, ndipo makasitomala ake a ku Kaning'ina anapita kwa ena. Kuno wayamba kupeza timaoda. Sanalankhule mokalipa. Anati akufuna kubwerera, nyumba ija anaimanga nawo, anasenza nawo njerwa ali ndi pakati pa Sharon. Koma sangamuchotsenso mwana pasukulu kuti patatha mwezi auzidwe kuti alongedze, kwabwera anthu.

"Sizidzachitikanso, anyina Sharon," anatero Stanford.

Foni inalira m'thumba la malaya ake. Onse awiri anaimva. Inalira mpaka kusiya, kenako inayambiranso. Stanford anaitulutsa kuti angoona, ndipo anaona kuti ndi Pilirani. Lusungu anabweza maso ake pa nsalu.

"Yankhani," anatero.

Anapita nayo pafupi ndi mpanda. Pilirani anati pali bambo wina akufuna nyumbayo lero lomwe, koma osati kugona. Akufuna maola atatu okha masana ano, malo a phee, opanda anthu ambiri oona. Anati akudziwa kuti a Kayira anakana kale zoterezi, koma eni nyumba ena ayamba kulola, ndipo anthu oterewa sadandaula za msewu kapena intaneti. Akungofuna kudziwa mtengo.

Stanford anayang'ana kukhonde. Lusungu anali atayambiranso kupalasa makina, mutu uli pansi. M'thumba mwa Stanford munali ndalama ya a Chavula yokha, ndipo mwana ankafunika mankhwala opopera mwezi usanathe.

Anatchula mtengo. Pilirani anati ndi wokwera pang'ono kwa maola atatu. Stanford anautsitsa. Pilirani anati amuuza bamboyo kuti afike cha m'ma 2 koloko.

Atabwerera pakhonde, anaika theka la ndalama ija pambali pa makina n'kunena kuti ndi ya mankhwala a Sharon. Lusungu anathokoza. Sanafunse kuti foniyo inali ya chiyani, ndipo iye sananene. Lusungu anamupempha kuti adikire pang'ono, mwana atsala pang'ono kuweruka, akhala wokondwa kuona bambo ake. Stanford anayang'ana dzuwa n'kunena kuti adzabweranso Lamlungu.

Anakwera kabaza kuti asachedwe. Atafika anayalula nsalu zomwe anagonera a Chavula, anayala zina, anaika matawulo awiri pabedi. Galimoto yakuda magalasi inafika nthawi isanakwane n'komwe. Stanford anatsekula geti lonse, anapereka kiyi pawindo lomwe linatsitsidwa pang'ono, osayang'ana mkati. Kenako anazungulira kuseri, analowa m'kanyumba kake n'kutseka chitseko. Anakhala pa matiresi, nsapato zili kuphazi, mpaka anamva giza ikuyamba kulira.